Telala ndi DNA Yopotokera Kumanzere

Loweruka masana, kutatsala maola awiri kuti sukulu ya akuluakulu iyambe, Telala anaima pakati pa kachipinda kake kosokera, manja m'chiuno, n'kumasirira timakwerero ta pepala makumi atatu timene anatiyanika pachingwe ndi mapegi ngati masokosi a khanda. Nthawi yomweyo mwamuna wake, amene anthu amangomuti a Sipoko chifukwa cha kuonda ndi ntchito yake yokonza njinga, analowa kudzafuna sopo, manja ali bii ndi girisi.

"Imani pomwepo, bambo a mwana! Manja kumbuyo."

A Sipoko anaika manja kumbuyo. "Ndalakwanji?"

"Simunalakwe, koma mwatsala pang'ono. Onani ndi maso okha. Mukuona chiyani?"

"Mapepala."

"Mapepala! Imeneyo ndi DNA, bambo inu."

"Ya ndani?"

"Ya aliyense. Ili mwa inu, ili mwa ine, ili mwa mwana wagona apoyo, ngakhale mwa nkhuku. Ndi imene imalamula kuti mphuno ikhale chonchi, makutu akhale chakuti."

A Sipoko anadziyang'ana pamimba. "Ya pepala?"

"Aaa, inunso! Ichi n'chifanizo chabe. Yeniyeniyo ndi yaing'onong'ono, maso sangaione. Ili ngati makwerero opotoka. Mbali ziwirizi ndi mitengo yake, timizere topingasati ndi popondapo. Onani zilembozi: A amayenda ndi T, G amayenda ndi C. Batani ndi bowo lake, basi. Sayansi yonseyi ndi mabatani okhaokha."

Anayankhula ngati wobadwa nazo, pamene zonsezi anazimva koyamba sabata yatha. Sukulu Telala anailekezera Fomu 2, mimba itafika mayeso asanafike. Chaka chino m'pamene anabwerera, Loweruka lililonse, kukakhala pabenchi limodzi ndi atsikana amene amamutcha Anti a Matewera, chifukwa tsiku lina pofuna kutulutsa kope m'chikwama anatulutsa thewera. Sabata yathayo kalasi yonse inang'amba mapepala ake poyesa kupinda chifanizo cha DNA, aphunzitsi mpaka kugwira mutu. Atasindikiza ena makumi atatu, anafunsa ngati alipo wa manja abwino woti akapindire onse kunyumba. Telala, amene chiyambire chaka anali asanakwezepo dzanja, analikweza, ndipo pakamwa panatsatira.

"Ndinawauza poyera," anatero akudziguguda pamtima. "Ndinati, aphunzitsi, masamu amandigwetsa, Chingerezi chimandipunthwitsa, koma kupinda ndiye kwathu. Pakapezeka cholakwika ngakhale chimodzi, mundifufute m'kaundula, ndisadzapondenso pano."

"Munanena choncho?"

"Pamaso pa onse. Atsikana akumbuyo aja mpaka anandijambula pafoni."

A Sipoko anayandikira chingwe, manja akadali kumbuyo, n'kupendeketsa mutu. Anayang'ana chithunzi cha m'buku limene linali lotsegula pamwamba pa makina, anayang'ananso pachingwe.

"Zakongola, mayi a mwana. Ngati za kufakitale. Koma bwanji mwasankha za kumanzere?"

"Za kumanzere zotani?"

"Ndingatulutse dzanja limodzi?"

"Limodzi lokha."

Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa bawuti ndi nati yake. Anaiimika pamaso pa mkazi wake, n'kuloza timizere tozungulira tija ndi chikhadabo chakuda.

"Onani mazingawa. Akukwera cha kumanja, si choncho? Chithunzi cha m'bukumo chikukweranso cha kumanja. Zanuzi zikukwera cha kumanzere, ngati pedulo ya phazi lamanzere, ija imene wosadziwa amaimangitsa poganiza kuti akumasula."

Telala anaseka kaseko ka munthu wophunzira. "Bambo a mwana, kumanja ndi kumanzere zimatengera pamene waima. Kumanja kwanu ndi kumanzere kwanga. Zungulirani mbali inayo muone."

A Sipoko anawerama, anadutsa kunsi kwa chingwe, n'kuima mbali inayo.

"Mwaona?"

"Ndaona."

"Kumanja, eti?"

"Kumanzere."

"Simunazungulire bwino."

Anazunguliranso, ulendo uno modekha, ngati akuyesa njinga ya kasitomala. "Kumanzerebe."

"Ndiye kuti ndaziyanika chadodolido." Telala anachotsa chimodzi pa pegi, anachizondotsa, n'kuchiimika pafupi ndi mphuno ya mwamuna wake. "Apa bwanji?"

"Kumanzere."

"Koma ndachizondotsa!"

"Bawuti mukaizondotsa siisintha mtima, mayi a mwana. Onani." Anazondotsa bawuti ija, analowetsa nati mbali inayo, n'kuizungulitsa. "Ikumangira komwe kuja."

"Si bawuti iyi! Ndi DNA!"

"Eya. Ya kumanzere."

Telala anachigoneka, anachidzutsa, anachiyang'ana ndi diso limodzi, anachiyang'ana kuchokera pamwamba ngati akusuzumira m'botolo. Chinthucho chinangokhala chilili, chikupotokera kumanzere mopanda manyazi. Pansi pa chithunzi cha m'buku panali kamzere kolembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri, konena kuti DNA ya m'matupi mwathu imapotokera kumanja. Telala anakaona, ndipo anaikapo lumo pamwamba pake.

A Sipoko anayang'ana pamphasa pamene mwana anagona, miyendo ili tambalala.

"Mayi a mwana."

"Chiyaninso?"

"Munati zimenezi zili mwa ife tonse."

"Ndinatero."

"Ndipo mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi?"

"Zimenezo ndiye mwamva bwino."

"Nanga ngati zanga ndi za kumanja, zanu za kumanzere, mwanayu anamangika bwanji?"

"Zanga si za kumanzere!"

"Mwapinda ndinu."

"Ndapinda pepala, sindinadzipinde ndekha!"

"Chifukwatu nati yakumanzere pa bawuti yakumanja imalowa pang'ono, kenako imadya mazinga. Mwina ndi chifukwa chake amakwawa chobwerera m'mbuyo."

"Mwana aliyense amayamba choncho! Musandiyambe, bambo a mwana, nthawi ikutha."

Potembenuka mwaukali, Telala anakumana ndi galasi lalitali limene makasitomala amadziyang'anirapo akayesa madiresi. Anaima. M'galasimo munali mayi wa ulusi m'tsitsi, tepi m'khosi, atagwira kamakwerero kokwera bwinobwino cha kumanja.

"Bwerani! Bwerani muone! Yang'anani m'galasimo. Kumanja kapena kumanzere?"

A Sipoko anayang'anitsitsa. "Kumanja."

"Ehe! Ndimanena ine! Palibe cholakwika, vuto ndi poonera."

"M'galasimo n'zoona. Chimene chili m'manja mwanucho ndi cha kumanzere."

"Ndiye tipita nalo galasilo."

A Sipoko anayeza galasi ndi maso, kuchokera pansi mpaka pamwamba. "Pakaliyala silikwana. Koma mukakhala kumbuyo n'kulikumbatira, ine n'kumapalasa pang'onopang'ono, tifika. Mwana ndimubereka ine."

"Bambo a mwana."

"Vuto ndi la anthu makumi atatuwo. Azibwera mmodzimmodzi? Komanso mayeso akadzafika, aliyense adzalowe ndi galasi lake?"

"Ndimanena mongocheza!"

"Oo. Ine ndimaganiza kale za zingwe zomangira."

Telala anakhala pa mpando wa makina, mpando n'kulira. Anayang'ana wotchi ya pafoni: panatsala ola ndi theka. M'mutu mwake ankawaona kale atsikana akumbuyo aja akupatsirana foni kunsi kwa desiki, mawu ake omwe akutuluka m'kasipika: mundifufute m'kaundula. Pakamwa pomwepa, pamene panalephera kuyankha funso limodzi chaka chonse, m'pamene panapeza mphamvu yolumbira.

"Koma ndinatsata mizere yonse," anatero motsitsa. "Palibe ndi umodzi womwe umene ndinauphonya. Wopingasa ndinapindira kwa ine, wopendekera ndinapindira kunja, ndendende mmene ananenera."

"Tandionetsani mmene munayambira."

Telala anatenga pepala la malangizo limene linabwera ndi mapepalawo, kuti liimire pepala losapinda. Mosaganiza n'komwe analigwetsa chafufumimba pa tebulo, mbali yolembedwa pansi, n'kulisalaza ndi chikhato.

"Mwalitembenuziranji?"

"Ndatembenuza chiyani?"

"Pepalalo. Zolemba zili pansi."

"Nanga ndigwire ntchito kumaso? Telala wake uti amasoka nsalu kumaso? Chilichonse umayambira kunsi. Umalemba choko kunsi, umabaya mapini kunsi, umasita kunsi. Kumaso ndi kwa kasitomala."

"Nanga mizere mumaiona bwanji?"

"Ndimaunika pawindo n'kulemba ndi choko kumbuyo. Mapepala makumi atatu! Mukuganiza kuti khosi likundiwawa chifukwa chiyani?"

A Sipoko anawerama, manja akadali kumbuyo, n'kuuzira pepalalo mpaka linatembenuka. Anawerenga mzere woyamba pang'onopang'ono, milomo ikutsogola. "Apa akuti mbali yolembedwa iyang'ane kumwamba."

"Zimenezo analembera anthu osadziwa kupinda."

"Ndi nambala wani."

"Nambala wani nthawi zonse amakhala moni chabe! Ine ndinayambira pa nambala fo, pamene panayambira ntchito."

"Ndiye pamene anati pindirani kwa inu, inu munali kuseri."

"Ndinali pamene telala amakhala!"

"Eya. Kuseri."

Telala anadzuka. Nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapeza singano imene inagwa dzulo.

"Ndiye basi, nkhani yatha! Ngati ndasoka kunsi, chatsala n'kutembenuza. Thalauza ukamaliza kusoka umatani? Umapisa dzanja, umagwira kumapeto, n'kukoka. Mkati kunja, kunja mkati."

"Lili ndi mwendo pepalalo?"

"Khalani chete muone ntchito."

Anapisa chala pakati pa kamakwerero kaja, anagwira nsonga yake, n'kuyamba kuikokera m'kati. Pepala linakana. Analinyengerera monga amachitira ndi lamba wa diresi wopapatiza. Linakanabe. Anakoka mwamphamvu.

Kwee!

Mwana anagwedeza mwendo pamphasa koma sanadzuke. Telala anatsala ndi zidutswa ziwiri, china dzanja ili china dzanja ilo, A ali kwina T ali kwina.

A Sipoko anasuzumira chidutswa choyamba, kenako chachiwiri.

"Musanene," anatero Telala.

"Sindinanene kanthu."

"Ndikukuonani pakamwa."

"Zonse ziwiri n'za kumanzere."

Telala anaponya zidutswazo m'bokosi la nsanza. Anachotsa lumo lija pa buku, anawerenga kamzere kakuda kaja mokweza, mawu amodziamodzi, ngati akuwerenga mlandu wake. Kenako anapuma mpweya wautali.

"Chabwino. Tingoti zapotokera kumanzere."

"Zapotokeradi."

"Ndati tingoti! Bwanji kushopu kwanuko, chinthu chikapotokera kolakwika mumachitani?"

"Timataya n'kugula china."

"Kulibe china! Mapepala ndi omwewa." Anayang'ana pachingwe, anayang'ana simbi imene inali pakona. Siketi ya mayi wina inali pomwepo, imene dzana anaiphwasula mapindo onse chifukwa anayang'ana kolakwika, n'kuwasitanso. "Ikani simbi pamoto. Ayi, dikirani, yambani mwasamba m'manja. Ndi sopo. Katatu."

"Katatu?"

"Katatu."

A Sipoko anatuluka. Kunja kunamveka madzi, kenako chete, madzi, chete, madzi. Anabwerera ataimika manja m'mwamba ngati dokotala wa opaleshoni.

"Tsopano mverani. Ine ndizisita chilichonse kunsi kwa kansalu kuti chisapse, chibwerere kukhala pepala. Kenako mzere uliwonse umene unapindikira uku, tiupindire uko. Phiri likhale chigwa, chigwa chikhale phiri. Mwamva?"

"Zolemba ziyang'ane kuti?"

Telala anayang'ana kumbali. "Kumwamba."

"Kumaso?"

"Ndati kumwamba! Musandibwerezetse, mtima ukundiwawa."

Ntchito inayamba. Telala amasita, amapinda, amakanda mzere ndi chikhadabo, n'kufinya pepalalo ngati kodiyoni mpaka lipotoke lokha. Choyamba chitatha anachiimika pafupi ndi bawuti, mtima uli m'mwamba.

"Nenani."

A Sipoko anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. "Kumanja."

"Zungulirani mbali inayo."

Anazungulira. "Kumanja."

"Chizondotseni."

"Kumanjabe. Mayi a mwana, si munati zimatengera pamene waima?"

"Pindani mapepala, bambo inu."

Manja a Telala kawiri konse anafuna kugwetsa pepala chafufumimba okha, mwiniwake osawatuma, ndipo kawiri konse a Sipoko anatsokomola. Iwo anapatsidwa pepala limodzi. Pamene Telala amamaliza lachisanu ndi chitatu, iwo n'kuti akadali pa mzere wachitatu, akuuyeza ndi tepi mbali zonse ziwiri.

"Mukulimanga nyumba?"

"Apa akuti pindani mosamala."

"Mosamala, osati mpaka Khirisimasi!"

"Sanalembe nthawi."

Panatsala mphindi makumi anayi, kenako makumi atatu. Mwana anadzuka n'kuyamba kukwawa chobwerera m'mbuyo kulowera kunsi kwa tebulo. A Sipoko anamuyang'ana, anayang'ana mkazi wawo, koma poona simbi ili m'manja mwake anasunga maganizo awo. Kutatsala mphindi makumi awiri, chomaliza chinatsika patebulo. Telala anazindandalika m'katoni ya nsapato, chikhadabo cha chala chachikulu chitatha mbali imodzi.

"Werengani."

A Sipoko anawerenga ndi chala, osadumpha. "Makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi."

"Werenganinso."

"Sizinaswane. China munachivula thalauza."

"Kalasi ndi ya anthu makumi atatu! Mmodzi akasowa, ndiye cholakwika chimenecho." Telala anazungulira chipinda, manja kumutu. Mwadzidzidzi anaima. "Dikirani. Chitsanzo! Aphunzitsi anandipatsa chimodzi chimene anapinda okha, kuti ndizionera."

"Munaonera?"

"Telala diresi amaliona kamodzi."

Anakhuthula chikwama cha sukulu pa tebulo: kope, mabolopeni awiri osalemba, botolo la mwana, thewera. Pansi penipeni panatuluka kamakwerero ka aphunzitsi, kophwanyika pang'ono mbali imodzi, dzina la phunziro litalembedwa ndi inki yofiira. Anakawongola ndi zala, anakauzira, n'kukaika m'katoni pambali pa tinzake.

"Makumi atatu! Tulutsani njinga."

A Sipoko sanasunthe. Mutu wawo unali utayamba kupendekera pambali.

"Bambo a mwana, musandipendeketsere mutu. Ndikukupemphani."

"Ndingatulutse bawuti?"

Sanafunikire kuitulutsa. Telala anali ataona kale. Maso amene poyamba paja samasiyanitsa kanthu tsopano amakana kusaona. Timakwerero makumi awiri ndi tisanu ndi tinayi timakwera cha kumanja ngati asilikali pa perete, ndipo ka aphunzitsi kokha kamapita kwawo, kumanzere.

Anakatenga. Anakazondotsa. Anakazungulira.

"Sikasintha mtima," anatero a Sipoko mothandiza.

"Ndikudziwa!"

A Sipoko anakanda kumutu. Anayang'ana inki yofiira ija mwaulemu, monga munthu amene naye anaiona kambiri m'makope ake. Kenako anatambasula dzanja kulinga ku simbi.

"Mukutani?"

"Ikadali yotentha. Tikafulumira tingabwezere khumi kumanzere. Zinazo mukawauze kuti mwana anadwala."

"Tibwezere kumanzere chifukwa chiyani?"

"Cha aphunzitsi ndi cha kumanzere. Iwo anapita kukoleji. Ine ndimakonza njinga, inu mumasoka mabatani. Mwinatu munanena zoona poyamba paja, kuti zimatengera pamene waima."

"Zimatengera pamene waima? Ndani anakuuzani bodza limenelo?"

"Inu."

"Ndiye mumangokhulupirira chilichonse? Buku likuti kumanja. Bawuti ikuti kumanja. Chikhadabo changa chatha chifukwa cha kumanja. Siyani simbiyo!"

"Ndiye tisite cha aphunzitsicho, chifanane ndi zinzake. Sadziwa."

"Musachikhudze."

"Koma mayi a mwana, munalumbira. Munati pakapezeka cholakwika ngakhale chimodzi akufufuteni. M'katonimo muli chimodzi."

Telala anatenga ka aphunzitsi kaja n'kukagoneka pamwamba penipeni, inki yofiira ikuyang'ana kumwamba kuti aliyense aione. Anatseka katoni, anamkoka mwana kunsi kwa tebulo, anam'ponya kumsana n'kumanga mfundo imodzi yolimba.

"Chilimo, ndipo chikapezeka pamaso pa onse," anatero akutsegula chitseko ndi phazi. "Bweretsani bawutiyo, ndipo mupalase mwamphamvu, bambo a mwana. Munthu wosadziwa kumanja ndi kumanzere sindingamusiyire kalasi yonse."